Nkhalango ya Amuna Anga

1

Ndine telala. Ndimasoka madiresi, mayunifolomu a sukulu ndi makatani m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Dzina langa musalifune, chifukwa mukalidziwa muyamba kubwera ndi tinsalu tosafunika kusoka, cholinga mudzangondiona nkhope. Nkhani yanga ndi ya mitengo, mwamuna, ndi diresi yobiriwira imene mpaka lero ndikaikumbuka ndimadzibaya ndi singano.

Amuna anga anayendetsa basi mpaka imvi mbuu. Tsiku limene analandira penshoni, ine ndinali nditazigawa kale ndalamazo mumtima: kukonza denga limene linkadontha pamwamba penipeni pa bedi, ndi kugula makina osokera amagetsi kuti ndisiyane ndi opalasa ndi mwendo aja. Koma bambowo anafika kunyumba atanyamula kabuku konyezimira, pachikuto pali mitengo ya paini ili ndandanda.

"Mayi, khalani pansi," anatero. "Umphawi watha m'nyumba muno."

"Mwagula malata?"

"Malata? Vuto lanu mumaganiza zazing'ono. Ndikugula masheya m'kampani ya matabwa. Kampaniyo ili ndi nkhalango yaikulu. Imadula mitengo, imacheka matabwa, imagulitsa, ndiye phindu lake imagawira ife eni masheya miyezi itatu iliyonse. Mtengo sudwala, mayi. Supempha tchuthi. Iwe uli gone, iwo ukukula."

"Nanga denga?"

"Ikani beseni."

Ndinaika beseni. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma munthu akakhala kuti wazolowera kugwira chiwongolero, sauzidwa njira ndi wokhala mpando wakumbuyo. Tsiku lokalembetsa kunapezeka kuti chiphaso chawo chinatha mphamvu. Pofulumira anangoti masheyawo alembedwe m'dzina langa, akaunti ya kubanki yanga, nambala ya foni yanganso.

"Dzina ndi lanu," anandichenjeza tikutuluka, "koma nkhalango ndi yanga."

Ndisaname, chaka choyamba phindu linkabweradi. Ndinkapita kubanki, n'kutapa, n'kudzawapatsa m'manja. Ine ndili ndi chizolowezi changa chautelala: ndalama sindiika mu envulopu. Ndimazipinda n'kuzimanga ndi kansalu kotsalira pa zimene ndikusoka sabata imeneyo.

Abale inu, matama ake! Mphepo ikawomba ankati, "Tamverani, ikugwedeza ndalama zanga." Tikapita kwa anthu kukacheza ankagogoda tebulo la eni ake n'kumati, "Thabwa ili mwina ndi langa." Anzawo anawapatsa dzina loti a Nkhalango, iwo n'kumavomera mosangalala. Chonsecho nkhalangoyo anali asanaione ndi maso, chifukwa inali kutali, ulendo wonyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lili paliwombo.

2

M'mawa wina ndinamva chiphokoso kubafa. Ndinawapeza ali pansi, pakamwa patapotoka, dzanja limodzi lili lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Adokotala anandiitanira pakhonde.

"Mayi, bambowa apulumuka, koma mtima wawo watopa. Mchere ayi, mowa ayi, nkhani zodzidzimutsa ayi. Mukadzawathira uthenga woipa mwadzidzidzi, mudzawanyamula."

Ndinagona pansi pa bedi lawo masiku onse aja. Tsiku limene lilime linamasuka, ndinawerama kuti ndimve mawu awo oyamba. Ndinkaganiza kuti afunsa za ana athu, amene anachoka kale pakhomo, kapena andithokoza ine.

"Mi-te-ngo?" anatero.

"Ili bwino," ndinayankha. "Ikukula."

Anachira ndithu, mpaka kuyamba kuyenda opanda ndodo. Ine ndi amene ndinayamba kutha. Ntchito zimene kale ndinkakana ndinayamba kuzilandira: zigamba, mazipi, mayunifolomu a sukulu yonse, makatani a nyumba yogona alendo olemera ngati mabulangete. Miyendo inkatupa, msana unkawawa, bowo la singano ndinkachita kulisaka ndi maso. Nthawi ya phindu ikakwana ndinkawapatsa kamtolo kawo komanga ndi nsalu, iwo n'kukapsompsona.

"Mukudzizunziranji ndi kamakina kanuko?" ankatero atatambalala pampando. "Mitengo ikutigwirira ntchito."

"Ngati ikutigwirira ntchito, beseni lija likutani pabedi?"

"Ndikuziunjika kaye. Munthu wa masheya sadya mofulumira."

Pakhomo sankasiya kanthu, ngakhale ya sopo. Kenako ndinaona imvi zayamba kuda. Ndinaona kabotolo ka mafuta onunkhira kuseri kwa wailesi. Madzulo aliwonse ankatchena n'kunena kuti akukawongola miyendo monga adokotala analamulira. Zinkandikwana, koma sindinkafunsa. Ndinali ndi chifukwa changa chosafunira kuti nkhani ya ndalama zimenezo ikule, ndipo muchimva.

3

Tsiku lina ndikulimbana ndi zipi ya buluku la mphunzitsi wina, fungo la mafuta linalowa m'shopu mwanga, mwini wake akubwera pambuyo. Anali mayi wa msinkhu wa mng'ono wanga, mwini saluni ya kuseri kwa malo omwetsera mafuta galimoto. Zikhadabo zake zinali zazitali, zofiira psuu, moti mundilole ndizimutchula kuti Zikhadabo.

"Ndi inu atelala amene amakutamani aja?"

"Ndine, kaya amanditama ndani."

"Ndikufuna diresi yobiriwira ngati masamba a paini. Nsalu mugule nokha, yabwino. M'chiuno igwire, ndipo ikhale yatha Lachisanu."

Ndinatenga tepi n'kuyamba kumuyeza. "Kuli ukwati?"

"Ayi, ulendo. Mdala wanga akukandionetsa nkhalango yake Loweruka. Ndamuumiriza ndine, ndatopa n'kungomva. Ali ndi mitengo mdala ameneyo, mayi! Amati mtengo sudwala, supempha tchuthi. Iye ali gone, iwo ukukula."

Tepi inandipulumuka. Ndinaitola pang'onopang'ono, ndikudziuza kuti eni masheya ndi ambiri, ndipo mwina onse amayankhula zofanana.

"Alibe mkazi mdalayo?" ndinafunsa, mapini ali kukamwa.

"Alipo, koma akuti ndi wotopetsa. Sagwira ntchito iliyonse, amangodya za mitengo n'kumadandaula za denga. Azimayi ena sadziwa kusamala mwamuna, eti mayi?"

"Eetu," ndinatero.

"Theka ndipereka lero, theka ndikadzatenga."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kamtolo ka ndalama. Kanali komanga ndi kansalu ka timabokosi tabuluu ndi toyera, ka yunifolomu ya sukulu. Mfundo yake inali yanga, yopinda kawiri, imene ndimamanga ngakhale nditatsinzina. Zotsalira za nsalu yomweyo zinali mbwee pansi pa tebulo, ndipo chidendene cha nsapato yake chinali chitaponda chimodzi. Anavutika kumasula ndi zikhadabo zake zija mpaka anandipatsira.

"Tandimasulirani, amamanga molimba mdala ameneyu."

Ndinamasula. Ndinalandira. Ndinathokozanso, mayo ine.

4

Diresi ndinaisoka. Satana anandinong'oneza kuti ndisiye pini m'khwapa, kapena ndisoke msoko wakumbuyo ndi ulusi wofumbwa kuti ukaphulike pagulu. Koma manja anga sadziwa kusoka zoipa. Inatuluka diresi yokongola kuposa iliyonse imene ndinadzisokerapo ndekha, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere sanali mkaziyo ayi. Unali ulendowo. Ine ndinkadziwa chimene chinali kunkhalango, ndipo mawu a adokotala aja ankandilira m'makutu. Ndikanatha kuwaletsa. Ndikanatha kunamizira kudwala, kapena kubisa nsapato zawo. Koma ndikawaletsa ndiye kuti ndipitiriza kupalasa makina mpaka miyendo idzaphulike, wina akupenta zikhadabo. Ndikawasiya apite, mwina andibweretsera maliro. Sabata yonse ndinkati ndikagwira ili, ilo landipulumuka.

Lachisanu Zikhadabo anabwera, anayesa diresi, anazungulira pagalasi. Theka lotsala anati adzapereka akabwerako. Ndinamufunsa ngati mocheza kumene adzakumane ndi mdala wake, iye n'kundiuza kuti pa malo omwetsera mafuta paja.

Loweruka m'mawa amuna anga anavala jekete la ukwati wa mwana wathu.

"Kuli msonkhano wa eni masheya kunkhalango," anatero osandiyang'ana. "Ndapangana ndi mnzanga wa takisi uja."

"Zabwino. Nanenso ndikupita."

"Inu? Kukatani?"

"Masheya ali m'dzina la ndani?"

"Ndi kutali, mayi. Fumbi, dzuwa, miyendo yanu yotupayo..."

"Lero mwaiona kuti ndi yotupa?"

Ndinali nditaika kale mapilitsi awo ndi botolo la madzi m'chikwama. Takisi itafika, ndinatuluka n'kukakhala mpando wakutsogolo. Dalaivalayo anali mnzawo wakale wa kubasi, ndipo atandiona anayamba kupukuta galasi loyera kale. Amuna anga analowa kumbuyo ngati akulowa m'chitokosi.

Tikuyandikira malo omwetsera mafuta, ndinamva kumbuyo akunong'ona, "Pitirira, pitirira." Koma chobiriwira chinali chitaima kale m'mbali mwa msewu, chikukweza dzanja.

"Imani," ndinatero. "Kasitomala wanga uyo. Sangapse ndi dzuwa ine ndikuona."

Zikhadabo anatsegula chitseko akumwetulira. "Aa, atelala! Inunso mukulowera konko?"

"Eya. Ndikukaona nkhalango ya amuna anga. Ndi awo mwakhala nawowo."

 Mayiyo anayang'ana bambowo, bambowo anayang'ana nsapato zawo. Kenako mayiyo anagwira chitseko kuti atsike.

"Khalani, mayi," ndinatero. "Diresi mwasoketsa kale. Tiyeni tonse tikachione chuma chimene tikulimbiranachi."

Anaganiza pang'ono, n'kukweza chibwano, n'kukhala. Sanafune kuoneka wothawa, komanso ndikhulupirira kuti mitengoyo ankafunadi kuiwerenga. Tinanyamuka. Dalaivala anayatsa wailesi, munatuluka nyimbo yachikondi, anazimitsa msanga.

5

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, amuna anga anatsitsimuka. Anatsitsa galasi n'kuyamba kununkhiza.

"Posachedwa mumva fungo la paini," anatero, kaya ankauza ndani mwa ife awiri.

Tinafika pageti pali chikwangwani cha kampani, chithunzi chake chomwe chija cha pakabuku. Galimoto inakwera kachitunda n'kuima. Tinatsika.

Kuchokera pamene tinaima mpaka kumene maso amalekezera kunali zitsa. Zitsa zakuda bii, phiri lonse, chigwa chonse, phiri linanso kuseri. Pakati pa zitsazo panali timbande tofika m'mawondo, ndipo anthu ovala majombo ankatipalira. Kapitawo wawo anabwera kudzatilonjera.

"Talakwitsa njira," anatero amuna anga. "Tikufuna nkhalango ya kampani."

"Ndi yomweyi, bambo."

"Mitengo ili kuti?"

"Moto. Papita zaka ziwiri tsopano. Unachokera kuminda ya kuseri uko, mphepo n'kuuthandiza. Kampani inadziwitsa eni masheya onse kuti phindu laima mpaka mbande izi zidzakule."

"Zidzakule liti?"

"Paini safulumira, bambo. Mwana wobadwa lero adzakhala atamera ndevu."

"Bodza!" Amuna anga anakuwa mpaka opalira aja anaweramuka. "Ine ndine mwini masheya! Phindu ndimalandira miyezi itatu iliyonse, silinadumphepo!"

"Ndiye muli ndi mwayi," anatero kapitawo, "chifukwa ngakhale mabwana athu salandira."

Apo m'pamene amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinali nditatulutsa kale mapilitsi, ali m'dzanja langa, botolo la madzi nditatsegula.

"Uthenga unabwera pafoni yanga," ndinatero. "Inu munali gone m'chipatala, mapaipi ali m'mphuno. Adokotala anali atangondiuza kuti nkhani yoipa ikuphani. Mutatsegula pakamwa munafunsa za mitengo, ndiye ndikanati chiyani? Kuyambira tsiku limenelo kampani sinatumizepo kanthu. Kamtolo kalikonse kamene munkapsompsona kanali mayunifolomu, mazipi ndi zigamba. Inali miyendo yanga iyi. Ndinkaopa kufunsa kumene mukupita nazo kuti mungayambe kufufuza kumene zikuchokera. Ine ndinkati ndikusunga moyo wa mwamuna wanga, osadziwa kuti ndikulipirira lendi ya saluni."

Anakhala pachitsa. Thukuta linali kamukamu pamphumi. Ndinayandikira, ndikudikira kuti pakamwa papotoke, dzanja ligwe, ndiyambe kukuwa. Ndinali nditakonzeka kukhala mkazi amene anapha mwamuna wake ndi mawu.

Sanagwe. Anatenga mapilitsi m'dzanja langa, anameza, anamwa madzi, anapukuta pakamwa. Kenako anandiyang'ana ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

"Ndiye nthawi yonseyi munkandinamiza?"

Asa! Abale, ndikanakhala ndi sizasi yanga pamenepo, jekete lija likanasanduka nsanza. Munthu wabwera ndi chibwenzi m'galimoto imodzi ndi mkazi wake, n'kumafunsa za bodza! Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa pamene kuseka kunathera n'kuyamba kulira.

Zikhadabo anali ataima poteropo, m'munsi mwa diresi mutada ndi makala a chitsa chimene anatsamira.

"Ndiye mdala iwe ulibe kalikonse?" anafunsa.

"Ndili ndi masheya..."

"Ali m'dzina langa," ndinamuthandiza kuyankha.

Zikhadabo anatembenuka. Lole ya kampani imene inabweretsa mbande inali ikubwerera, ndiye anaikwezera dzanja n'kukwera kumbuyo pamodzi ndi machubu opanda kanthu. Msoko wa diresi sunaphulike ngakhale pokwera lole.

6

Anthu amandifunsa ngati ndinachoka. Ndichoke ndipite kuti, nyumba ndakonza denga ndine? Mwezi umene ndikanamanga kamtolo kotsatira ndinagula malata. Wotsatira wake ndinagula makina amagetsi, ndipo miyendo yanga inaphwa. Bambowo ndinawasamutsira kuchipinda kumene kunkagona ana. Kumeneko kumadonthabe pakona, koma beseni lilipo.

Imvi zawo zinabwerera. Dzina la a Nkhalango likadalipo, kungoti tsopano anzawo akaitana, iwo amayang'ana kumbali. Masiku ano amabwera kushopu kudzasita zovala ndi kusokerera mabatani. Ndimawalipira malinga ndi ntchito imene agwira, ndipo ndalama zake ndimawapatsa zosamanga. Tsiku lina akusita anati, "Mayi, ndinakulakwirani." Ndinawauza kuti ayang'ane kolala isapse. Kaya ndidzakhululuka, kaya ayi, sindikudziwa. Masheya sindinagulitse, agule ndani zitsa? Adzadyerera ndi adzukulu.

Inu amene mukuwerenga, musanyoze kampani ija. Iyo inanena zoona tsiku lomwelo. Musanyozenso mitengo, imapsa ngati chinthu china chilichonse, ndipo wogula masheya azidziwa zimenezo asanauze mkazi wake kuti aike beseni. Wopusa ndinali ine. Ndinamva kuti mtima wa mwamuna wanga ndi wofooka, n'kuunyamula ngati dzira zaka ziwiri, pamene mtima womwewo unali ndi mphamvu zosenza akazi awiri. Ngati pali wina amene mukumubisira zoona poopa kuti afa, tamuyang'anitsitsani kaye. Mwina amene akufa pang'onopang'ono ndinu.

Zonsezi ndikhoza kuzimeza. Chimene chimandiimitsa makina pakati pa msoko n'chimodzi. Theka lotsala lija Zikhadabo sanabweretse mpaka lero, ndipo theka limene anapereka linali langa lomwe. Ndinagula nsalu ndi ndalama zanga, ndinasoka ndi manja anga, ndinadzilipira ndekha, n'kuthokozanso. Ndipo diresiyo inamukhala bwino.